Njinga ya pa tala kapena ya m'fumbi? Ndinakafunsa mseu wa ku Kavalamanja

Ndalama ya cilimba inandifika kumapeto kwa Julayi, ndipo kwa nthawi yoyamba cilowereni nchito ndinali ndi ndalama yokwanira kugula cinthu coposa foni. Ndinali nditaganiza kale kuti ndigula njinga yamoto, kapena kuti honda monga ambiri timachulira njinga iliyonse ya injini. Aliyense amene amakwera minibasi kucokera ku Chelstone m'mawa adziwa cifukwa cake. Mpaka pa Munali zimayendako bwino, koma ukangoyandikira pa Arcades ndi Manda Hill magalimoto amangoti njo, osasuntha. Apo ndiye umaona anyamata opereka katundu akudutsa pakati pa magalimoto, mabokosi ali kumbuyo, ngati mseu ndi wa atate awo. Ine ndimangowayang'ana pa windo, bondo la kondakitala lili m'nthiti mwanga, kwinaku mlandu umene andituma kukamvera ku khoti ukuyamba popanda ine.

Laisensi ndinatenga caka catha ku RTSA, ya kalasi A. Amene mukuganiza zogula njinga, dziwani kuti kalasi A1 imathera pa 125cc. Injini ikapitirira apo mufunika A. Ine za mapepala zinali zokonzeka. Cimene sindinakonzekere ndi funso limene wogulitsa anandiponyera nditangolowa m'shopu ina m'tauni.

"Ba boss, mufuna ya pa tala olo ya mu dasti?"

Anandionetsa njinga ziwiri zoimikidwa pamodzi. Yoyamba inali yaifupi, yonyezimira, thanki yake yotukumuka ngati cifuwa ca tambala, matayala osalala. Imeneyi ndi imene amati roadster: njinga ya mseu wa tala, yopanda zochinga mphepo zambiri, imene wokwera amakhala mowongoka pang'ono. Yaciwiri inali yaitali miyendo, wilo lakutsogolo lalikulu ndi la masipoko, matayala a mano, madigadi ali m'mwamba kutali ndi tayala. Imeneyi ndi ya mtundu umene azungu amati adventure, njinga zopangidwira ulendo wautali wosakaniza tala ndi fumbi. Kunena zoona, iyi inali mng'ono wake cabe wa ma adventure enieni, koma magazi ndi amodzi.

Mtima wanga unathamangira ku yonyezimira ija. Ndinaikwera, mapazi onse awiri anafika pansi bwinobwino. Pa yaitali ija ndinangogunda pansi ndi zala, ndipo mtsikana wa pa kauntala anayang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akuseka. Ine si wamtali, izi ndinazivomereza kalekale.

Ndikanakhala munthu wa mu Lusaka cabe, nkhani ikanathera pomwepo. Koma amai anga kwao ndi ku Kavalamanja, m'boma la Luangwa limene akuluakulu amakondabe kulichula kuti Feira, ndipo ambuya amene anandilera zaka zanga zoyambirira ali komweko. Ali ndi BP. Mankhwala ena ndimawagulira kuno, ndipo kuwatumiza kumadalira kupeza munthu wokhulupirika amene akupita. Pa caka ndimapitako katatu, mwina kanayi. Pamene ndinali kusunga ndalama ndinkadziuza kuti njinga ikabwera, ulendo wa kwa ambuya udzaleka kukhala wodikira basi.

Musanaganize kuti kusiyana kwa njinga ziwirizi ndi kwa maonekedwe cabe, taonani citsanzo cimene cimaonetsa bwino nkhaniyi. Kampani ya BMW inatulutsa njinga ziwiri zazing'ono, G 310 R ndi G 310 GS, zopangidwa ku India m'fakitale ya TVS. Injini ndi imodzimodzi, ya 313cc. Koma ya R, imene ndi roadster, ili ndi wilo lakutsogolo la mainchi 17 ndi mpando wotalika mamilimita 785 kucoka pansi, pamene ya GS ili ndi wilo la mainchi 19 ndi mpando wa mamilimita 835. Mashoko a GS amalowa ndi kutuluka mamilimita 180, kuposa a mnzake. Ndiye kuti mtima umodzi, miyendo yosiyana. Zilembo za GS zimacokera ku mawu a Cijeremani otanthauza thengo ndi mseu, ndipo BMW inayamba mtundu umenewu mu 1980 ndi njinga yochedwa R 80 G/S.

Miyendo imeneyi ndiyo nkhani yonse. Wilo lalikulu likafika pa dzenje kapena pa mwala limakwera mosavuta, monga mmene wilo la ngolo limadutsira pamene wilibala imakakamira. Wilo laling'ono limagwera m'dzenje lonse, koma pa tala limakhota msanga ndipo limamvera dzanja. Mashoko aatali amameza mabampu koma ukagwira buleki mwamphamvu njinga imagwada kutsogolo. Tayala la mano limaluma dothi, koma pa tala limalira, limatha msanga, ndipo mvula ikagwa siligwira ngati losalala. Ciliconse cimene njinga yapatsidwa kuti icite bwino ku fumbi, yalandidwa kena kake pa tala.

Ndinakhala pansi n'kuwerengera masiku. Pa caka conse, masiku amene ndingakhale pa ulendo wa kumudzi sangapitirire 15. Otsalawo ndi a Great East Road, Cairo Road, Kamwala ndi ku makhoti. Nzeru ya pa pepala inati gula ya masiku ambiriwo. Mnzanga wina amene ali ndi roadster ya 150cc anagwirizana nazo, n'kuwonjeza kuti, "Mwana, manje ku Feira ni tala yekayeka, uopa cani? Tenga yanga ukayese." Ndinam'siyira ndalama ya mabasi ya masiku anayi, n'kutenga makiyi.

Ndinanyamuka Lacisanu lina mu Ogasiti kusanace bwino, cikwama ca mankhwala, shuga ndi sopo nditacimanga kumbuyo ndi malegeni. Kucoka mu Lusaka kukafika pa mlatho wa Luangwa ndi makilomita pafupifupi 230, ndipo pa gawo limeneli ndilibe coipa conena pa roadster. Nditadutsa Chongwe mseu unatseguka, kanjinga kankangoyenda myaa. M'mapiri a Manenekela, kumene mseu umakhotakhota ndipo madalaiva a malole amakuopa, ndi kumene ndinaikonda kwambiri: ukangopendeka pang'ono yakhota kale. Cimene cinandivuta ndi mphepo. Popanda galasi lochinga, cifuwa ndi khosi ndizo zimalandira zonse, ndipo basi ya ku Chipata ikakudutsa umamva ngati wina wakukankha paphewa. Pofika pa mlatho matako anali atafa dzanzi.

Pa msika wa pa mlatho, pamene amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu oluka, ndinapeza azungu awiri ataimika zinjinga zikuluzikulu, mabokosi a citsulo mbali zonse, anthu atawazungulira. Ma adventure enieni aja ndi amenewa. Otere anachuka kwambiri pamene Ewan McGregor ndi Charley Boorman anayenda pa njinga za BMW kucokera ku Scotland mpaka ku Cape Town mu 2007, ulendo umene unaonetsedwa pa TV ndi dzina lakuti Long Way Down ndipo unadutsa m'Malawi ndi m'Zambia muno. Ndinaziyang'ana ndi kaduka, sindinama. Koma njinga ngati BMW R 1250 GS Adventure imalemera makilogalamu 268 ikadzazidwa thanki yake ya malita 30. Uku ndi kulemera koposa matumba asanu a cimanga a makilogalamu 50. Ndinadzifunsa kuti itandigwera ndili ndekha m'thengo, ndani angaidzutse? Za mtengo wake sitinena, cilimba cathu cingazungulire mpaka tonse titakalamba.

Mseu wa ku Feira umapatuka kumanja usanawoloke mlatho, n'kutsata mtsinje wa Luangwa kulowera kum'mwera, makilomita pafupifupi 90. Ndili mwana mseu umenewu unali wa fumbi ndi miyala, ndipo ulendo wake unali wa tsiku lathunthu pamwamba pa lole. Masiku ano ndi tala, mnzanga uja sananame. Umangofunika kusamala mbuzi, ana a sukulu ndi ndowe za njovu, cifukwa ukaona ndowe yaiwisi pa tala udziwe kuti mwini wake sali patali. Ndinadutsa njira yolowera ku cipatala ca mishoni ca Katondwe, kutentha kukuwonjezeka pamene ndinali kutsikira ku cigwa. Ndinafika pa boma dzuwa litapendeka pang'ono, pamene Luangwa amathira m'Zambezi, Zumbo wa ku Mozambique akuoneka tsidya lina, Kanyemba wa ku Zimbabwe tsidya linalo. Ndinatumiza uthenga kwa mnzanga kuti njinga yake ndi mfumu.

Ndinafulumira kuyamika. Kavalamanja ali kumadzulo kwa boma, m'mbali mwa Zambezi, ndipo tala sakafikako. Pa mseu wa dothi wolimba ndinayendako bwino, ngakhale mabampu ang'onoang'ono aja okhala ngati malata ankandigwedeza mpaka mano. Pokwera zitunda za miyala ndinamva pansi pa injini pakugunda kawiri, mtima n'kuti phwii, poti njinga ndi ya mwini. Kenaka ndinafika pa kamtsinje kouma kodzaza mcenga. Wilo lakutsogolo litangolowa linayamba kuyenda njira yakeyake. Ndinacita zimene munthu wa pa tala amacita akaopa: ndinatseka mafuta n'kugwira buleki yakutsogolo. Ndinapezeka ndili gada mumcenga, njinga itandipsinja mwendo, paketi ya shuga itaphulika m'cikwama.

Sindinavulale kwenikweni, kungosupuka pa cigongono. Koma galasi limodzi linathyoka, kogwirira kilachi kanapindika, ndipo nditayang'ana wilo lakutsogolo ndinapeza kuti mwala wina unali utalipinda m'mphepete, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. Mawilo a roadster ambiri ndi oumba, opanda masipoko, ndipo matayala ake alibe chubu. Pa tala zimenezi ndi zabwino kwambiri, cifukwa msomali ukalasa mpweya sutha nthawi imodzi. Koma m'mphepete mwa wilo mukapindika, tayala silimatanso, ndipo wilo loumba ukalimenya ndi hamala kuti liwongoke likhoza kung'aluka.

Ndili ciimire kuganiza zocita, kunatulukira mnyamata pa Boxer yakuda ndi fumbi, atanyamula mai wina ndi thumba la ufa. Anadutsa mcenga uja ngati palibe kanthu, miyendo ili tang'a, injini ikulira mofanana osatsika. Atawoloka anaima n'kubwerera wapansi kudzandithandiza kukankha. Anandiuza kuti mumcenga sagwira buleki yakutsogolo, satseka mafuta, ndipo munthu amakhala cakumbuyo kuti wilo lakutsogolo lipepuke. Anatinso akadziwa kuti njira ndi ya mcenga wambiri amacepetsako mpweya m'matayala kuti apondeko motambalala. Anali ndi pampu ya njinga yakapalasa yomangirira pa keriya. Tinapopa, ndinayenda, tinapopanso, mpaka tinalowa m'mudzi dzuwa likulowa. Apa ndiyenera kunena cilungamo: theka la kugwa kwanga linali la wilo, theka linali la ine.

Ambuya atandiona ndi mcenga m'makutu sanafunse za njinga. Anangoti, "Mdzukulu wanga, basi yatha kodi ku Lusaka?" n'kuyamba kupeta shuga uja m'lisero kuti acotse zinyalala.

Anthu ambiri a m'tauni dzina la Kavalamanja amalimva mwezi wa Malichi cabe. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a Rhodesia, m'nthawi ya Ian Smith, anawoloka Zambezi n'kuukira dera limeneli, kumene kunali msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA a Joshua Nkomo. Kunafa anthu, kuphatikizapo asilikali a Zambia, ndipo anthu a m'midzi anathawa kusiya nyumba zao. Ndiye cifukwa cake caka ndi caka kumacitika mwambo wokumbukira ku Kavalamanja ndi ku Kakaro. Pa masiku amenewo kumabwera magalimoto aatali a boma ndi a asilikali. Mwambo ukatha fumbi limakhazikika, ndipo otsala pa mseu uja ndi eni ake: oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a honda.

Madzulo tinakhala panja ndi amalume, tikudya masau ouma, mvuu zikulira kumtsinje. Ndinawaonetsa pa foni zithunzi za njinga ziwiri za m'shopu muja, ndi za azungu a pa mlatho. Anaziyang'ana nthawi yaitali, foni ataitalikitsa ndi maso.

"Mphwanga, iyi yonyezimirayi, ambuya ako akhala pati?"

Ndinayang'ananso cithunzico. Mpando wakumbuyo wa roadster ndi kacidutswa kokwezeka m'mwamba, kokwanira mtsikana wa pa Manda Hill wogwira m'ciuno mwa cibwenzi cake kwa mphindi khumi. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti pa mpando umenewo pangafunike kukhala nkhalamba yodwala. Amalume anandifotokozera kuti kuno munthu akadwala usiku, kapena mai akayamba kumva m'mimba, cimene cimafika pa khomo msanga ndi honda. Wodwala amakhala pakati, wina kumbuyo womugwirira, ulendo wa ku kiliniki kapena ku boma. Malamulo a pa mseu salola anthu atatu pa njinga, izi ndikudziwa ndipo sindikulimbikitsa, koma ndi mmene anthu akupulumukira kumene ambulansi imacedwa. Kwa iwo njinga yabwino ndi ya mpando wautali wosalala ndi keriya yolimba.

Zinjinga za azungu zija anazikana msangamsanga. Funso lao linali limodzi: ikafa akonza ndani? Anati makanika a pa boma amadziwa njinga za kabyuleta, zimene munthu amamasula ndi sipanala ziwiri n'kupemerera ndi pakamwa. Petulo wa m'zigubu amene amagulitsidwa m'midzi nthawi zina amakhala ndi zitsotso, ndipo njinga ya kompyuta imene imafuna makina kuti inene cimene cikuipweteka siingakhale bwenzi lako kutali ndi Lusaka. Iwo anayamikira Yamaha AG200, zija amayendera alangizi a zaulimi ndi anchito a zaumoyo, zimene zinapangidwira alimi, zokhala ndi keriya kutsogolo ndi kumbuyo ndiponso cheni yotsekeredwa m'cikopa kuti fumbi lisaidye. Koma mwacidule anati ndigule Boxer ngati wina aliyense, cifukwa zipangizo zake zili paliponse ndipo mwana aliyense amaidziwa.

Apa ndinatsutsanako nao pang'ono, mwaulemu. Boxer ndi bulu wa nchito, palibe angakane, ndipo anyamata a ku Chipata, Katete ndi Petauke akudyetsa nayo mabanja. Koma ine ulendo wanga si wa kumudzi kukafika pa boma cabe. Ndi makilomita oposa 300 a tala kaye, kenaka miyala ndi mcenga, ndipo ndikabwerera ndimalowa m'misewu ya m'makomboni. Ndipo apa ndi pamene ndinazindikira kuti kuwerengera kwanga kwa masiku kuja kunali ndi bodza mkati. Ndinawerenga Lusaka yense ngati tala. Koma mtolankhani wa nkhani za m'tauni sakhalitsa pa Cairo Road. Mvula ikagwa amanditumiza ku Kanyama kukaona madzi olowa m'nyumba, ku Chawama, ku Garden, ku Mtendere mkati kumene mseu ndi miyala ndi matope. Wilo limene linapindika ku Kavalamanja likanatha kupindikanso pa dzenje lobisika m'madzi kuseri kwa Soweto Market. Masiku anga a fumbi si 15. Mwina ndi theka la caka.

M'mawa mwake mnyamata wa Boxer uja anabwera ndi mnzake wodziwa zitsulo. Wilo sanalimenye. Anavula tayala n'kuikamo chubu ya njinga ina, n'kundicenjeza kuti ndiyende pang'onopang'ono ndipo ndikafika ku Lusaka ndikasinthe. Kogwirira kilachi anakawongola ndi paipi. Pobwerera Lolemba ndinatsika pa kamtsinje kaja n'kukankha, manyazi ndinawasiya m'thumba. Ndalama ya wilo latsopano ndi galasi inacoka pa cilimba comwe cija, ndipo mnzanga, ngakhale anaseka mpaka misozi, makiyi ake sanandipatsenso.

Sindikunena kuti roadster ndi njinga yoipa. Ngati moyo wanu uli pakati pa Woodlands, Longacres ndi tauni, ndipo ulendo wanu wautali ndi wa ku Kafue kapena ku Siavonga pa tala, gulani imeneyo ndipo mudzasangalala. Ndi yaifupi, imakhota msanga pakati pa magalimoto, imagwira bwino buleki pa tala, ndipo kwa wophunzira kufika pansi ndi mapazi onse pa maloboti si nkhani yaing'ono. Amene akufuna adventure yaikulu cifukwa ca zithunzi za pa Facebook ayambe wayesa kuidzutsa itagona pansi, ali yekha, kenaka afunse mtengo wa tayala limodzi. Pakati pa ziwirizi pali tinjinga ta fumbi tating'ono monga Honda XR150L, ya wilo lakutsogolo la mainchi 19 ndi thanki ya malita 12, kapena Yamaha XTZ125 ya wilo la mainchi 21. Timeneti n'topepuka, n'ta masipoko ndi machubu, ndipo pa Great East Road sitithamanga kwenikweni. Basi ikafika kumbuyo umapatuka n'kuipatsa njira.

Ndinabwerera ku shopu kuja sabata yatha. Wogulitsa anandikumbukira, n'kuyamba kupukuta thanki ya yonyezimira ija ndi kansalu. Ndinam'lozera yaitali ija, ya 150cc. Ndalama inaperewera pang'ono cifukwa ca wilo la mnzanga, conco ndinalipira gawo lalikulu ndipo yotsala ndimaliza malipiro a mwezi uno akalowa. Tagwirizana kuti afewetse shoko yakumbuyo kuti njinga itsikeko ndikakhalapo, ndipo matayala andiikire apakatikati, osati a mano aakulu aja. Cisoti cabwino cotseka nkhope yonse ndagula kale, pamodzi ndi majombo a cidendene cokhuthala amene akundiwonjezera msinkhu pang'ono. Loweruka lililonse ndikhala ndikupita kumene kuli mcenga cakumbali kwa Chongwe kukaphunzira kusatseka mafuta.

Amalume ndinawaimbira kuwauza. Anakhala cete pang'ono, kenaka anafunsa ngati mpando wake ndi wautali. Ndinati ndi wautaliko, ndipo wowocherera wina ku Kalingalinga andipangira keriya yotambalala ndi zopondera zolimba za wokwera kumbuyo. Anati ndikabwera ndibweretse machubu awiri apadera ndi pulagi, cifukwa za saizi imeneyo mwina pa boma sizipezeka. Ambuya analanda foni n'kunena kuti shuga ulendo uno ndiuike m'cigubu.